Dipuloma ya CIPD Level 5 pa intaneti: maphunziro ake ndi abwino kuposa sukulu yomwe inandiphunzitsa

Chimalizireni dipuloma ya CIPD Level 5, anzanga a mu HR, ntchito yoona za antchito pakampani, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi ndalama zija ndi tulo tija zinabwerera? Zinabwerera ndithu. Koma sizinabwerere mmene otsatsa maphunzirowa amalonjezera, ngati kuti ukangolandira pepala udindo umabwera wokha. Ndipo alipo ena omwe ndingawauze kuti ayambe adikira, ndalama zawo asunge kaye.

Muyenera kudziwa kuti apa mukugula zinthu ziwiri kwa anthu awiri osiyana. Dipulomayo ndi ya CIPD, kapena kuti Chartered Institute of Personnel and Development, bungwe la ku Britain lomwe likulu lake lili ku Wimbledon mu London. Iwo ndiwo amakonza zoti muphunzire ndi mafunso a asainimenti, n'kumayang'ananso ngati kachongedwe kakuyenda moyenera. Koma okuphunzitsani ndi ena, sukulu zomwe CIPD inazivomereza, zina za m'kalasi, zina za pa intaneti. Ine ndinadzera ku ya pa intaneti, ndipo dzina lake sinditchula. Fizi mumalipira kusukuluko. Ndalama ya umembala wa ophunzira mumalipira ku CIPD padera, ndipo siyozembeka nthawi yonse yomwe mukuphunzira. Wogulitsa yemwe anandiimbira foni sanainene mokweza ndalama yachiwiriyi.

Ndisanalembetse ndinali wothandizira mu ofesi ya HR pakampani ina yonyamula katundu, yokhala ndi madalaivala, anthu a mosungira katundu ndi a mu ofesi. Ntchito yanga inali mafomu a tchuthi, mafayilo, kutaipa makontirakiti, kulowetsa mayina a olembedwa kumene pa payroll. Ntchito ndinkaidziwa bwino, koma ku misonkhano ya mabwana ndinkalowa kukalemba maminitsi basi. Digiri yanga ndi ya zina. Choncho mwayi wa HR Officer kapena HR Business Partner ukatuluka, mzere umodzi woti munthu akhale ndi pepala la ukatswiri wa HR unkandisiya panja ndisanatumize n'komwe CV.

CIPD inayamba mu 1913 ku York ngati Welfare Workers' Association, kagulu ka anthu ochepa, ambiri mwa iwo amayi, omwe ankayang'anira umoyo wa ogwira ntchito m'mafakitale. Royal Charter, chikalata chachifumu cha ku Britain chovomereza bungwe, inadzabwera mu 2000. Mbiri imeneyi ndimaikumbukira chifukwa mabwana ambiri mpaka lero amationa chomwecho: anthu osamalira antchito, okonza phwando la kumapeto kwa chaka, osati anthu oti n'kuwafunsa nzeru bajeti ikamakonzedwa. Maphunziro omwe anakonzedwanso mu 2021 amayesetsa kukuchotsa pampando umenewo. Ali m'magawo atatu. Level 3 ndi Foundation Certificate in People Practice, ya ongoyamba kumene. Level 5 ndi Associate Diploma, ndipo mumasankha People Management kapena Organisational Learning and Development. Level 7 ndi Advanced Diploma, yomwe kulemera kwake n'kofanana ndi maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba. Ine ndinatenga People Management. Ili ndi mayuniti 7: atatu omwe aliyense wa Level 5 amaphunzira, atatu a HR yeniyeni, ndi imodzi yosankha wekha. Mayeso a m'holo palibe. Zonse ndi asainimenti, iliyonse mawu masauzande angapo.

Pa mayuniti onsewo, yomwe inasintha mmene ndimagwirira ntchito ndi Evidence-based practice. Mfundo yake ndi yosavuta kunena: usanalangize bwana chilichonse, ona kaye umboni, ndipo umboniwo uutenge ku mbali zingapo, manambala a kampani yako, kafukufuku yemwe ena anachita kale, zomwe akatswiri adaona pa ntchito, ndi maganizo a anthu omwe nkhaniyo ikuwakhudza. Kuchita kwake ndiye kumavuta, chifukwa mu HR tinazolowera kuyankha ndi mtima.

Nthawi imeneyo kuntchito kwathu anthu a mosungira katundu ankangochoka. Mkulu wa zachuma ankati vuto ndi malipiro, ndipo ndalama zokwezera palibe, nkhani yatha. Manejala wa mosungira katundu ankati achinyamata a masiku ano safuna kukhetsa thukuta. Onse ankalankhula motsimikiza, koma panalibe yemwe anali atawerengapo. Asainimenti inafuna kuti ndisanthule manambala a antchito, ndiye nditamaliza ndi omwe anatipatsa kusukulu ndinachitanso chimodzimodzi ndi athu. Ndinatsegula Excel n'kuyika tsiku loyamba ntchito, tsiku lochoka, dipatimenti, shifiti, kapitawo, ndi chifukwa chochokera. Kuwerengera kwake n'kwa pulaimale: omwe achoka pachaka, kugawa ndi avereji ya antchito onse, kuchulukitsa ndi 100. Tiyerekeze kampani ili ndi antchito 200 ndipo achoka 30, ndiye 15 peresenti. Nambala imeneyo payokha siuza munthu kanthu. Imayamba kulankhula ukaidula m'zigawo.

Nditadula, zinaoneka kuti okhalitsa sankachoka kwenikweni. Ochoka ambiri anali a miyezi yoyambirira, makamaka a shifiti ya usiku. Pa mzere wa chifukwa, pafupifupi fomu iliyonse inalembedwa kuti "zifukwa za iye mwini", mawu omwe munthu amalemba akafuna kungosainitsa n'kumapita. Ndinaimbira ena mwa iwo. Mmodzi anandiuza kuti usiku woyamba anangopatsidwa jekete yowala ija n'kumuloza kumashelefu, osamuonetsa ngakhale mmene makina owerengera katundu amagwirira ntchito, kenako mawa lake n'kumukalipira kuti wasokoneza manambala. Wina anati ovataimu yake inatha miyezi iwiri osaoneka pa payslip chifukwa kapitawo ankachedwa kusaina. Za kuchepa kwa malipiro anatchulako, inde, koma sichinali choyamba kutuluka pakamwa pawo.

Ndinalemba lipoti la masamba awiri. Ndinaikamo zomwe kampani imawononga munthu mmodzi akachoka: kulengeza ntchito, masiku a ma intavyu, yunifomu, ovataimu ya otsala omwe akutseka dzenje, katundu wosokonekera m'manja mwa watsopano. Pansi ndinaika zinthu zitatu zosafuna ndalama zambiri, chachikulu n'choti watsopano aliyense aziyamba masana ndi munthu womuonetsa ntchito asanamuponye usiku. Mkulu wa zachuma anawerenga tsamba la ndalama lokha, n'kundifunsa komwe ndatenga manambalawo. Nditamuonetsa anangoti, "Mubwere nazo ku mitingi Lachinayi." Aka kanali koyamba kulowa m'chipinda chija ndi pepala langalanga m'manja.

Yuniti yomweyi imakuphunzitsanso kusakhulupirira nambala mwachimbulimbuli. Chitsanzo chomwe ndimakonda ndi Bradford Factor, njira yoyezera kujomba: kuchuluka kwa maulendo omwe munthu wajomba, kuchulukitsa ndi nambala yomweyo, kuchulukitsanso ndi masiku onse. Yemwe wadwala kamodzi masiku 10 amapeza 10. Yemwe wajomba tsiku limodzilimodzi ka 10 amapeza 1,000, chikhalirecho masiku ndi ofanana. Mabwana amaikonda chifukwa imagwira ojomba Lolemba. Koma imagwiranso munthu wa mphumu, wa matenda obwerabwera, mayi yemwe mwana wake amadwaladwala. Ukaitenga ngati woweruza ulanga osalakwa, ndipo m'maiko ambiri ukhoza kupezeka ndi mlandu wa tsankho. Ine ndimaigwiritsa ntchito pongodziwa yemwe ndiyenera kukhala naye pansi n'kumufunsa kuti zikuyenda bwanji.

Yuniti yachiwiri kundipindulira ndi Employment relationship management, ya ubale wa abwana ndi antchito, ndipo ndinaiphatikiza ndi yosankha ya Specialist employment law. Apa pali chinthu choti mudziwiretu. Malamulo omwe amaphunzitsidwa ndi a ku Britain: Employment Rights Act ya 1996, Equality Act ya 2010 yomwe imatchula zinthu 9 zomwe munthu sayenera kusalidwa nazo, ndi ndondomeko ya kaweruzidwe ka milandu ya pantchito yochokera ku Acas, bungwe la kumeneko loyanjanitsa mabwana ndi antchito. Ngati mumagwira ntchito kudziko lina, malamulo a dziko lanu muyenera kuwerenga panokha, buku ili uku, ili uku. Masiku a notisi, ndalama yolipira wochotsedwa, njira yokadandaulira, zonsezi zimasiyana dziko ndi dziko, ndipo kutengera za mu asainimenti n'kukaziika mu kalata yochotsa munthu n'kudziputira mavuto.

Koma kaganizidwe kake kamagwira ntchito kulikonse. Pa mlandu wa British Home Stores ndi Burchell wa mu 1978 panatuluka mafunso atatu: kodi bwana akukhulupiriradi kuti munthuyo walakwa, kodi ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira, ndipo kodi anafufuza mokwanira asanagamule? Pangano nambala 158 la mu 1982 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, nalo limati pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu, komanso apatsidwe mpata woyankhapo. Tsiku lina manejala wa zamayendedwe analowa mu ofesi atakwiya, fayilo ya dalaivala ili m'manja, akuti mafuta akusowa ndipo akufuna achoke lero lomwe. Kale ndikanangotaipa kalata. Ndinati, "Bwana, kalata ndilemba, koma tiyeni tione kaye zitatu. Buku la mafuta lili kuti? Galimotoyi ankayendetsa yekha? Iyeyo mwamufunsa?" Zinapezeka kuti galimotoyo ankasinthana anthu atatu, ndipo masiku ena palibe yemwe anasaina. Tinaitana onse, aliyense payekha, atalandira kalata yonena zomwe akufunsidwa. Mmene nkhaniyo inathera ndi za m'fayilo. Koma manejala uja, yemwe anatuluka akung'ung'udza, pano akamva fungo la mlandu amayamba wadzera kwa ine asanalankhule ndi munthu.

Yuniti ya Reward, yokhudza malipiro ndi zolimbikitsira antchito, ndi yabwino, makamaka pa kuyeza kulemera kwa maudindo ndi kufananiza malipiro ndi a makampani ena. Mumakumananso ndi katswiri wa ku America, Herzberg, yemwe mu 1959 anasiyanitsa zinthu zomwe zimangochotsa madandaulo ndi zomwe zimapatsa munthu chidwi pa ntchito. Ya Talent management and workforce planning inandiphunzitsa kufunsa kuti, uyu akachoka mawa alowa m'malo mwake ndani. Ya Professional behaviours ndiyo sinandigwire mtima kwenikweni. Imafuna kuti ulembe za khalidwe lako pantchito ndi mmene wakulira, ndipo munthu wodziwa kulemba akhoza kudzijambula ngati mngelo popanda womutsutsa.

Tsono za sukulu. Pa webusaiti pake pali zithunzi za anthu osekerera, malonjezo a mphunzitsi wakowako ndi thandizo nthawi iliyonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mavidiyo ambiri anali munthu akuwerenga zomwe zalembedwa kale pa sikirini, mawu ndi mawu, moti ndinasiya kuonera n'kumangowerenga ndekha. Makalasi a pompopompo ankaikidwa nthawi yomwe ambiri tili pantchito, ndipo ojambulidwa ankachedwa kuikidwa. Mphunzitsi anasinthidwa pakati pa ulendo popanda kutidziwitsa. Ndinangoona dzina lina pansi pa imelo. Asainimenti ina inakhala nthawi yaitali osachongedwa, ndipo ndikafunsa yankho linkabwera lofanana ndendende ndi lomwe mnzanga analandira, kusiyana dzina lokha. Poti sungadziwe ngati kalembedwe kako kali bwino mpaka yoyamba itabwerako, kuchedwa kotere kumaimitsa zonse.

Komabe ndisawanamizire kuti zonse zinali zoipa. Laibulale yawo ya pa intaneti inali yodzaza, ndipo pamodzi ndi zolemba zomwe CIPD imapereka kwa mamembala, sindinasowe chowerenga. Ndiponso mphunzitsi wachiwiri uja anali wakuthwa. Pa asainimenti ina analemba m'mbali mwa ndime yanga kuti ndafotokoza bwino njira ziwiri, koma funso likuti ndiunike, ndiye ndinene kuti yabwino ndi iti, kwa kampani yotani, ndipo yalephera pati. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Funso lililonse lili ndi mawu olamula, lina likuti fotokoza, lina santhula, lina unika, ndipo wochonga amayang'ana ngati wachita chomwecho. Ukaphonya funso limodzi, asainimenti imabwezedwa kuti ukonze, ngakhale ena onse wakhoza bwino. Malire a mawu nawo ndi okhwima, ndipo chilichonse chomwe watenga kwa wina uyenera kusonyeza gwero lake m'kalembedwe ka Harvard. Luso lonena zambiri m'mawu ochepa, umboni uli pambali, ndi lomwe mabwana amafuna mu lipoti. Sindikudziwa bwana yemwe amawerenga masamba khumi.

Musanalipire sukulu iliyonse, afunseni molemba kuti asainimenti imatenga masiku angati kuti ichongedwe, ngati mphunzitsi amaona zomwe mwalemba musanapereke, kubwereza kumalipiritsidwa kapena ayi, ndi zomwe zimachitika mukapyola nthawi yomwe munagwirizana. Onaninso pa webusaiti ya CIPD ngati sukuluyo ilidi pa mndandanda wa zovomerezeka. Za kumaliza m'miyezi yochepa musazitengere. Munthu wa pantchito, wa banja, awerengere chaka kapena kuposerapo, madzulo ambiri ndi Loweruka lake zitapita.

Nanga udindo? Satifiketi itafika malipiro sanasunthe. Bwana wanga anandigwira chanza, basi. Chomwe chinasintha n'choti ukamaliza Level 5 umakhala Associate Member, ndipo umaloledwa kulemba Assoc CIPD kumapeto kwa dzina. CV yanga inayamba kudutsa pa sefa yoyamba ija. Ku intavyu, pepalalo silinafunsidwe n'komwe. Anandifunsa kuti ndinachitapo chiyani anthu akamachoka, ndipo ndinali ndi nkhani ya shifiti ya usiku, ndi manambala ake. Anandifunsa za mlandu wovuta, ndinali ndi ya mafuta. Udindo wa HR Officer ndinaupeza pakampani yomweyo mpata utapezeka, ndipo ndikukhulupirira kuti lipoti la masamba awiri lija linandilankhulira kwambiri kuposa zilembo za kumapeto kwa dzina. Koma lipotilo sindikanalilemba popanda maphunzirowo, ndipo popanda zilembozo sindikanaitanidwa. Dziwaninso kuti zilembozo ndi za lendi: umembala umalipiridwa chaka ndi chaka, ukasiya kulipira usiyenso kuzilemba. Chartered Member ndi Chartered Fellow, magawo a umembala apamwamba kuposa Associate, sizibwera ndi asainimenti zokha, amafuna umboni wa ntchito yomwe wagwira pa mlingo umenewo.

Pali chimodzi chomwe ndinakapeza kwina. Level 5 imakuuza kuti uzimvetsa bizinesi, koma sikukhazika pansi kukuphunzitsa kuwerenga malipoti a zachuma. Munthu wa HR wosadziwa kusiyana kwa phindu ndi ndalama zomwe zili m'manja amangogwedeza mutu bajeti ikamakambidwa. Ine ndinapempha mnzanga wa ku akaunti kuti azindionetsa mwezi ukatha. Pa chifukwa chimenechi, yemwe sanaphunzirepo za bizinesi aganizireko madipuloma a ABE, bungwe lina la ku Britain lomwe linayamba mu 1973, omwe amaphatikiza Business Management ndi Human Resources kuyambira Level 4 mpaka 6. Ndi otambalala, salowa mwakuya mu HR ngati CIPD, koma amakupatsa chinenero cha anthu a zachuma ndi a zamalonda.

Ngati mukuyang'ana makampani a ku America kapena mabungwe omwe amatsata kachitidwe ka kumeneko, mayina omwe amadziwika ndi ena. SHRM, bungwe la akatswiri a HR lomwe linayamba mu 1948, ili ndi masatifiketi a SHRM-CP ndi SHRM-SCP kuyambira 2015. HRCI, bungwe lina la kumeneko, ili ndi PHR ndi SPHR, komanso PHRi ndi SPHRi za ogwira ntchito kunja kwa America. Izi ndi za mayeso, kukhala pa kompyuta maola angapo n'kuyankha mafunso, ndipo pakatha zaka zitatu zilizonse umayenera kusonyeza kuti ukuphunzirabe kuti pepala lisafe. Zimayesa zomwe ukudziwa kale, pomwe CIPD imakuyendetsa pang'onopang'ono mpaka udziwe. Njira yosavuta yosankhira ndi kutenga zolengeza ntchito zomwe mumazisirira n'kuona dzina lomwe likubwerezedwa.

Omwe ndingawauze kuti adikire ndi awa. Yemwe sanagwirepo mu HR ayambe ndi Level 3, kapena apeze kaye kantchito ka mu ofesiyo ngakhale ka mafayilo. Mafunso a Level 5 amayankhika bwino ukakhala ndi nkhope za anthu m'mutu, madandaulo omwe unamvapo, fomu yomwe unaionapo ikusowa. M'gulu lathu la ophunzira, omwe ankavutika kwambiri sanali ofooka m'mutu, anali omwe analibe poyesera zomwe akuwerenga. Winanso ndi yemwe akufuna kudumphira Level 7 chifukwa choti nambala yake ndi yaikulu. Ine ndemwe sindinaiyambe. Imafuna munthu yemwe amakhala nawo pomwe mapulani a kampani akukonzedwa, ndipo ine ndangoyamba kumene kuitanidwa.

Ngati abwana anu avomera kukulipirirani, landirani, koma kalata yomwe adzakusainitseni muiwerenge ndi maso a HR. Nthawi zambiri imati mukachoka isanathe nthawi yakutiyakuti mubweze ndalama. Onani ngati ngongoleyo imachepa miyezi ikamapita kapena imakhala yonse mpaka tsiku lomaliza, ngati ikukhudzanso munthu yemwe wachotsedwa chifukwa ntchito yatha, komanso ngati ndalama ya umembala ndi masiku owerengera zili momwemo. Yanga inalibe mawu alionse pa za kuchotsedwa ntchito ikatha, ndiye ndinapempha kuti awonjezere mzere umodzi ndisanasaine, ndipo anawonjezera.